Kubwerera pa Ntchito Pambuyo pa Opaleshoni ya Carpal Tunnel: Malangizo a Madera a m'Mbali mwa Nyanja ku Salima

M'madoko a m'boma la Salima, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay ndi Lifuwu mpaka ku Chikombe, chakudya cha pakhomo chimachokera m'manja. Mlovi amakoka chilimira usiku wonse, wina amakhala pamchenga kusoka ukonde, amayi amafutsa usipa ndi kuwuyanika pa thandala, ena amapala ndi kuwamba chambo. Kumtunda pang'ono kuli alimi a mpunga, matelala, osemasema ziboliboli ndi anyamata a kabaza. Munthu wotere dzanja likalephera kugwira, tsiku lomwelo pakhomo pamagonedwa ndi njala.

Nkhani ino ikufotokoza za kuchira kwa munthu amene wachitidwa opaleshoni ya matenda otchedwa carpal tunnel syndrome. Mfundo yaikulu ndi iyi: bala la opaleshoniyi limatseka m'masabata awiri, koma mphamvu yofumbata imatenga pafupifupi miyezi itatu kuti ibwerere. Masabata a pakati pa nthawi ziwirizi ndi amene amavuta, chifukwa wodwala amaoneka ngati wachira, njala ikumukankhira kunyanja, koma dzanja lisanakhwime. Alangizi a zaumoyo, anamwino ndi mavolontiya a m'midzi ndi amene amakhala naye pafupi m'masabata amenewa.

Chimene chimachitika m'dzanja

Pamfundo ya dzanja, pomwe timavala wotchi, pali kangalande kopapatiza. Pansi pake ndi m'mbali mwake muli timafupa ting'onoting'ono, ndipo pamwamba pake, kumbali ya chikhatho, pali kalamba kolimba kamene kamavindikira ngalandeyo. Mkati mwake mumadutsa zingwe 9 zimene zimakoka zala tikamafumbata, pamodzi ndi mtsempha umodzi wotchedwa median. Uwu si mtsempha wa magazi ayi. Ntchito yake ndi kunyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi dzanja: umachititsa kuti timve kukhudza pa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete, komanso umayendetsa mnofu wa patsinde pa chala chachikulu.

M'ngalandemo mukathinana, mtsemphawu umapanikizika. Wodwala amadandaula dzanzi ndi kulasalasa ngati singano m'zala zimenezi, makamaka usiku kapena m'bandakucha, mpaka amadzuka n'kumakutumula dzanja kuti lipepuke. Chala chaching'ono chakumapeto nthawi zambiri sichikhudzidwa, popeza chimalumikizidwa ndi mtsempha wina. Vuto likakula, munthu amagwetsa zinthu, amalephera kumanga mfundo kapena kulowetsa ulusi pa singano, ndipo mnofu wa patsinde pa chala chachikulu umafota.

Matendawa si achilendo. Kafukufuku amene Atroshi ndi anzake anachita ku Sweden, wofalitsidwa mu 1999, anapeza kuti anthu akuluakulu pafupifupi 4 pa 100 alionse anali nawo atapimidwa ndi dokotala. Amagwira kwambiri amayi kuposa abambo. Zina zimene zimawonjezera chiopsezo ndi kukhala woyembekezera, matenda a shuga, kunenepa kwambiri, kufooka kwa chithokomiro, nyamakazi yotupitsa mfundo, kuthyoka fupa la pamfundo ya dzanja, ndi ntchito yofumbata mwamphamvu mobwerezabwereza. Ku Taiwan, kafukufuku wa mu 1993 pakati pa ogwira ntchito m'mafakitale okonza nsomba anasonyeza kuti vutoli limachuluka mwa amene ntchito yawo ndi yobwerezabwereza komanso yofuna mphamvu.

Si dzanzi lililonse limene lili carpal tunnel

Musanatumize munthu, funsani ndi kuyang'ana bwino. Dzanzi loyambira kumapazi onse awiri n'kumakwera limaloza ku matenda a shuga, HIV, mowa kapena mankhwala a TB otchedwa isoniazid. Dzanzi la m'dzanja lotsagana ndi mawanga otuwa osamva kukhudza pakhungu likhoza kukhala khate, lomwe likupezekabe m'dziko muno ndipo mankhwala ake ndi aulere. Ululu wochokera m'khosi kutsika mkono wonse umaloza ku msana. Kufooka kwadzidzidzi kwa mkono, nkhope kupotoka kapena kulephera kulankhula ndi sitiroko, ndipo wodwalayo apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Njira yapafupi yoyesera ndi ya Phalen: wodwala apinde manja onse pamfundo, zala zitaloza pansi, kwa mphindi imodzi. Dzanzi likabwera m'zala tatchula zija, mwina ndi carpal tunnel. Komabe wotsimikiza ndi dokotala. Wodwala amachoka kuchipatala chaching'ono, monga cha Lifuwu, Maganga kapena Khombedza, kupita kuchipatala chachikulu cha boma cha Salima. M'zipatala za m'maboma, ntchito yaikulu ya mafupa imagwiridwa ndi ma orthopaedic clinical officer, omwe maphunziro awo anayamba mu 1985 m'dziko muno. Pofunika katswiri, wodwala amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa pafupifupi makilomita 100, komwe kuli chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION.

Si onse amene amafunika opaleshoni. Ambiri amathandizika ndi chomangira choongola mfundo ya dzanja chovala pogona, kapena jakisoni wa steroid. Kwa amayi oyembekezera, vutoli kawirikawiri limatha akachira. Opaleshoni imaganiziridwa njira izi zikalephera, dzanzi likakhala losalekeza usana ndi usiku, kapena mnofu ukayamba kufota.

Opaleshoniyo ndi yotani

Dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pachikhatho, wodwala ali maso, n'kucheka pang'ono patsinde pa chikhatho. Kenako amadula kalamba kovindikira ngalande kaja kuti mtsempha upeze malo. Zonse zimatenga pafupifupi mphindi 20, ndipo nthawi zambiri munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Kufulumira kumeneku n'kumene kumanyenga anthu. Pakhungu pamaoneka kabala kakang'ono, koma mkatimo mwadulidwa kalamba kamene minofu ya chikhatho imatsamirapo tikamafumbata. Thupi limalumikizanso kalambako ndi mnofu wa chipsera, kali kotakasuka kuposa kale, ndipo ntchito imeneyi imatenga masabata ambiri. N'chifukwa chake odwala ambiri amamva kuwawa mbali zonse ziwiri za chipsera akatsamira chikhatho kapena akafinya chinthu. Ululu umenewu ndi wodziwika, umatha wokha pakapita masabata kapena miyezi ingapo, ndipo sutanthauza kuti opaleshoni yalephereka.

Zimene kafukufuku wapeza pa nthawi yochira

Mu 1989, Gellman ndi anzake ku America anayeza mphamvu ya manja a odwala opaleshoni isanachitike ndi itachitika. Patatha masabata 3, mphamvu yofumbata inali 28 pa 100 ya mmene inalili kale. Patatha masabata 6 inafika pa 73 pa 100, ndipo inabwerera mwakale patatha miyezi 3. Pofika miyezi 6 inali itaposa ya kale. Mphamvu yotsina ndi zala inabwerera msanga: 74 pa 100 pa masabata 3, ndi 96 pa 100 pa masabata 6.

Ziwerengerozi zili ndi phunziro kwa ife. Ntchito yotsina, monga kusankha usipa, kuwerenga ndalama kapena kusoka ndi singano, imatheka msanga. Ntchito yofumbata, monga kukoka chingwe cha khoka, kupalasa ndi nkhafi, kulima kapena kusinja, iyenera kudikira.

Mu 2018, Newington ndi anzake a ku Southampton ku England anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wokhudza kubwerera pa ntchito pambuyo pa opaleshoniyi. Anapeza kuti ogwira ntchito zopepuka ankabwerera pakadutsa masiku pafupifupi 21, pomwe ogwira ntchito zamanja ankatenga masiku pafupifupi 39, ena kupitirira miyezi itatu. Kafukufuku wambiri wa m'gululi anachitika ku Ulaya ndi ku America, komwe wantchito amalipidwa akadwala, ndiponso makina amanyamula katundu wolemera. Mlovi wa ku Senga Bay alibe zonsezi, ndipo ntchito yake ili m'gulu la ntchito zolemetsa kwambiri. Choncho pomulangiza tiyenera kuwerengera nthawi yaitali, osati yaifupi.

Muuzeninso wodwala zoona pa za dzanzi. Kulasalasa kwa usiku nthawi zambiri kumatha m'masiku oyambirira. Dzanzi limene linakhazikika kwa zaka limatha pang'onopang'ono, popeza mtsempha wowonongeka umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku. Mnofu umene unafota kwambiri mwina sungabwerere wonse. Ichi n'chifukwa chake kuchedwa kupita kuchipatala kumawononga.

Zoyenera kuchita sabata ndi sabata

Masiku atatu oyambirira: dzanja likhale pamwamba kuposa mtima. Poyenda alikoleke pachifuwa ndi chitenje, pogona alisanjike pa pilo kapena pa zovala zopinda. Kuyambira tsiku loyamba aziyendetsa zala: kutambasula, kufumbata mopepuka, ndi kukhudzitsa chala chachikulu kunsonga ya chala chilichonse, kangapo pa tsiku. Aziyendetsanso chigongono ndi phewa kuti zisaume. Pa ululu amwe Panado kapena mankhwala amene wapatsidwa. Brufen ndi wosayenera kwa woyembekezera, wa zilonda za m'mimba kapena wa vuto la impso.

Mpaka tsiku lochotsa ulusi, lomwe limakhala pakati pa tsiku la 10 ndi la 14: bandeji ikhale youma ndi yaukhondo. Dzanja lisalowe m'nyanja, m'dambo la mpunga kapena m'beseni la nsomba. Posamba alikulunge m'jumbo. Ntchito zing'onozing'ono monga kuvala, kugwira kapu kapena foni n'zololedwa. Pabala pasapakidwe phulusa, mankhwala azitsamba kapena ufa wa m'makapisozi, ndipo pamkono pasatemedwe mphini. Onani m'buku lake la kuchipatala tsiku lochotsa ulusi, ndipo onetsetsani kuti wapita.

Sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi: bala likatsekeratu, popanda nkhanambo kapena madzi, ayambe kusisita chipsera ndi mafuta monga Vaseline kwa mphindi zochepa kawiri kapena katatu pa tsiku. Ngati chipsera chikunyerenyesa, azichikhudzitsa ku zinthu zosiyanasiyana, kuyambira nsalu yofewa mpaka kuviika dzanja m'mbale ya mpunga wouma, kuti khungu lizolowere. Ntchito zopepuka ayambe kwa nthawi yochepa, akupumira. Asanyamule ndowa yodzaza, asafinye zovala zolemera, asapope mjigo ndi dzanja limenelo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi mpaka miyezi itatu: awonjezere kulemera kwa ntchito pang'onopang'ono. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti ngati dzanja latupa kapena likuwawa kwambiri m'mawa wotsatira, ntchito ya dzulo inachuluka, ndipo abwerere pa muyezo wa kale kwa masiku angapo. Amene zala zauma kapena mphamvu sikubwerera atumizidwe ku mafizo.

Masiku awa ndi ongotsogolera. Ngati dokotala amene anachita opaleshoni walemba zosiyana, tsatirani zake.

Kukonzekera opaleshoni isanachitike

Kuuza mlovi kuti apume miyezi iwiri popanda kukambirana chimene ana ake adzadye n'kungotaya mawu. Adzavomera pamaso panu, koma sabata yachitatu mudzamupeza m'boti. Opaleshoniyi kawirikawiri si yadzidzidzi, choncho pali mpata wokambirana zinthu zinayi tsiku lisanafike.

Choyamba ndi nyengo. Ntchito za kunyanja zili ndi nthawi yake yopumira. Chaka chilichonse boma limaletsa zida zina zophera nsomba pa Nyanja ya Malawi kuyambira pa 1 Novembala kuti nsomba ziswane. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. M'miyezi yozizira, mwera umaletsa mabwato kulowa m'madzi masiku ambiri. Mlimi wa mpunga wa dzinja amapezako mpata akamaliza kukolola. Wodwala apemphe dokotala ngati tsiku la opaleshoni lingayandikire nyengo yotere. Koma ngati mnofu wayamba kufota kapena dzanzi silikuchoka, asachedwetse opaleshoni podikira nyengo, chifukwa mtsempha ukupitirira kuwonongeka.

Chachiwiri ndi manja obwereka. Lembani pamodzi ndi banja ntchito zonse za tsiku, ndipo pa iliyonse patchulidwe dzina la amene adzaigwire. Izi n'zofunika kwambiri kwa amayi, chifukwa ngakhale atasiya geni, kunyumba kukuwadikira kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kuchapa, kuvundula nsima ndi kubereka mwana. Zonsezi ndi ntchito zofumbata. Lankhulani ndi bambo wa pakhomo, apongozi kapena ana okulirapo inu muli pomwepo, osangomutuma wodwala kuti akanene yekha.

Chachitatu ndi ndalama. Pafunika ya ulendo wopita, wobwerera ndi wokaonedwanso, kuphatikizapo chakudya cha masabata osagwira ntchito. Amene ali mu banki m'khonde akonzeretu ndi gulu lawo. Mlovi akambirane ndi mwini boti, ngati n'kotheka pamaso pa komiti ya padoko, kuti malo ake asungidwe ndiponso apatsidwe ntchito yopepuka. Amene analembedwa ntchito, monga a m'malo ogona alendo ku Senga Bay, adziwe kuti lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro pachaka, akaonetsa kalata ya dokotala. Akumbutseni kupempha kalatayo asanachoke kuchipatala.

Chachinayi ndi za pathupi. Vutoli nthawi zambiri limagwira manja onse awiri, ndipo kwa munthu wopanda womusamalira n'kwabwino kuchita dzanja limodzi kaye. Ngati ndi lamanja, azolowere kudya ndi supuni kapena ndi lamanzere kwa masabata awiri, ndipo a pabanja asamuseke. Ngati ndi lamanzere, akambirane za kudzisamalira kuchimbudzi, ndipo sopo akhale pafupi. Asilamu, omwe ndi ambiri m'mbali mwa nyanja, afunse kwa shehe za njira yotawazira popanda kunyowetsa bandeji, popeza chipembedzo chimapereka njira kwa wovulala. Wa shuga aonetsetse kuti shuga wake watsika bwino, ndipo wosuta fodya asiye, chifukwa zonse ziwiri zimachedwetsa bala.

Kubwerera malinga ndi mtundu wa ntchito

Funso lothandiza kwa wodwala ndi lakuti: pa ntchito yanu yonse, ndi mbali iti imene mungagwire sabata ino? Pafupifupi ntchito iliyonse ya padoko ili ndi mbali yopepuka.

Mlovi angayambe ndi kuyang'anira malonda padoko, kuwerenga zigoba za usipa ndi kulemba ngongole. Pambuyo pa mwezi akhoza kusoka ukonde wouma kwa nthawi yochepa. Kupalasa, kukoka chilimira ndi kuliza injini ya boti ndi chingwe zibwere pomalizira, pakati pa masabata 6 ndi 12, dzanja likamatha kufinya mwamphamvu osawawa. Apa pali nkhani ya moyo: munthu amene dzanja lake silingagwire m'mphepete mwa bwato mafunde akakula asalowe m'nyanja usiku.

Mayi wa geni ya nsomba angayambe ndi kugulitsa ndi kutembenuza usipa wouma pa thandala. Kupala mamba, kutumbula nsomba ndi kunyamula mabeseni zidikire. Asamale ndi moto ndi madzi owira pofutsa, chifukwa zala za dzanzi zimapsa mwini wake osamva. Minga ya chambo ndi ya kampango, komanso mbedza, zimalasa chimodzimodzi, choncho aziyang'ana zala zake madzulo aliwonse.

Telala angabwerere pa makina opalasa ndi phazi ulusi ukachotsedwa, koma kudula nsalu zolimba ndi sizasi apatse wina kwa kanthawi. Wosemasema ayambe ndi kukwecha ndi kupaka polishi, kasemasema ndi nyundo pambuyo. Wa kabaza asanyamule munthu mpaka atatha kumanga mabuleki mwadzidzidzi popanda kuwawa. Mlimi akulunge mpini wa khasu ndi chogwirira cha chikwakwa ndi nsalu kapena mphira ya chubu: chogwirira chonenepa chimafuna mphamvu yochepa ndipo sichidinda pachipsera.

Zizindikiro zofunika kutumiza msanga

Tumizani wodwala kuchipatala tsiku lomwelo ngati bala lafiira, latentha, likutuluka mafinya kapena fungo, ngati latseguka, ngati magazi sakusiya, ngati thupi latentha, kapena ngati ululu ukukulirakulira m'malo mochepa. Zala zikatupa kwambiri, zikazizira kapena kusintha mtundu, masulani bandeji yothina ndipo mutumizeni. Kuuma nsagwada kapena khosi ndi chizindikiro cha kafumbata, ndipo n'kwadzidzidzi.

Mutumizeninso kwa dokotala, ngakhale si tsiku lomwelo, ngati pali dzanzi latsopano limene kunalibe opaleshoni isanachitike, ngati chala chachikulu chafooka kuposa kale, ngati dzanja lonse likutentha ngati moto, kutupa ndi kuuma mopitirira kukula kwa bala, kapena ngati patha miyezi itatu popanda kusintha kulikonse.

Udindo wathu m'mudzi

Dokotala amamuona wodwalayu kwa mphindi zochepa, pomwe inu mumadutsa pakhomo pake. Maulendo atatu ndi okwanira kusintha zambiri. Ulendo woyamba ukhale m'sabata yoyamba, kukaona bandeji, kutupa ndi kayendedwe ka zala. Wachiwiri ukhale ulusi utangochotsedwa, chifukwa apa m'pamene wodwala ndi abale ake amaganiza kuti zatha. Akumbutseni kuti pa masabata atatu dzanja limakhala lisanafike ngakhale pa theka la mphamvu yake. Wachitatu ukhale pa sabata yachisanu ndi chimodzi, kukakambirana za ntchito yolemetsa.

Mukapeza kuti wabwerera kunyanja nthawi isanakwane, musamukalipire. Funsani chimene chamukakamiza, onani bala, ndipo funani naye mbali ya ntchito imene angagwire osafumbata mwamphamvu. Lembani zimene mwaona m'buku lake la kuchipatala, kuphatikizapo ntchito yake yeniyeni ndi tsiku limene anayambiranso, kuti dokotala akadzamuonanso adziwe zimene dzanjalo lakhala likugwira.